Kamba wa Paulendo: Mawu kwa Oyendetsa Mathiraki

(Nyimbo yotsegulira, itsike pang'onopang'ono, wolankhula ayambe.)

Mawu anga apite kwa inu abambo anga oyendetsa mathiraki a maulendo ataliatali, pamodzi ndi amayi amene masiku ano mwalimba mtima n'kulowa ntchito yomweyi, inu amene kapena pakali pano mwandanda pamzere ku Mwanza, ku Dedza, ku Mchinji kapena ku Songwe, injini itazima, wailesi ikulira pambali pa chiwongolero, mukudikira kuti mapepala a katundu atuluke. Nkhani ya lero ndi yanu, ndipo ndikupemphani kuti mutchere khutu modekha kufikira nditaitsiriza.

Dziko lathu lino, monga tidziwa tonse, silidapatsidwe gombe la nyanja yamchere. Chotero mafuta a galimoto, feteleza amene mlimi wa ku Kasungu amadikira mvula isanagwe, mankhwala a m'zipatala ndi katundu wa m'masitolo, zonsezi zimatsikira pa madoko a eni ake, ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam ndi ku Durban, ndipo zochuluka mwa izo zimafika kuno zitasenzedwa pamsewu, monganso fodya, tiyi ndi shuga wathu zimatulukira njira zomwezo. Wonyamuka ku Blantyre kulinga ku Beira, amene adzadutsa pa Zóbuè, nawoloka Zambezi ku Tete, nalunjika kumwera atafika pa Changara, ali ndi makilomita pafupifupi 800 patsogolo pake. Wochokera ku Lilongwe kunka ku Dar es Salaam, wotsika phiri la Chiweta ndi kuwoloka Songwe, ali ndi pafupifupi 1,500. Ndipo wa ku Durban, amene ayenera kupyola Nyamapanda, Harare, Beitbridge ndi Johannesburg, sadzaona nyanja asanathe makilomita oposa 2,000. Ameneyo ndiye munthu amene tikukamba za thupi lake lero, munthu amene mtundu wonse ukumudalira ngakhale sumudziwa dzina.

Tikamva za imfa ya dalaivala, maganizo athu amathamangira ku mabuleki oduka pamtsetse, ku tayala lophulika, kapena ku achifwamba a usiku. Zimenezo zilipodi, ndipo sindizichepetsa. Koma alipo mdani wina wosachita phokoso, amene sabisalira pa mlatho kapena pa khona, ndiye kukhala pansi kwa maola ambirimbiri tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi zakudya zimene njira imapatsa munthu wanjala ndi wofulumira. Mu 1953 dokotala wina wa ku Britain, dzina lake Jeremy Morris, adafalitsa zimene adapeza atafufuza anthu ogwira ntchito m'mabasi osanjikiza a mumzinda wa London. Anthuwo ankayenda m'basi imodzi, msewu umodzi, maola ofanana. Koma madalaivala, amene ankakhala pampando tsiku lonse, ankagwidwa ndi matenda a mtima kawirikawiri kuposa makondakitala, amene ankakwera ndi kutsika masitepe a basiyo potolera ndalama. Ndipo musaganize kuti amenewa ndi matenda a Azungu kapena a anthu achuma okha, pakuti kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita m'dziko muno mu 2009, mothandizana ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, adaonetsa kuti mwa akuluakulu atatu alionse a zaka zoyambira 25 kufika 64, mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, limene ambirife timangoti BP, ndipo ochuluka a iwo sankadziwa n'komwe kuti ali nalo.

Tsono wina mwa inu andifunsa kuti, "Nanga ife titani, popeza ntchito yathu ndi yokhala pansi? Kodi tiziyendetsa chiimirire?" Funsoli n'loyenera, ndipo ndiliyankha mosabisa. Pamene galimoto ikuyenda, maso anu ndi manja anu ndi za msewu, ndipo n'zochepa zimene mungachitire thupi lanu. Koma ulendo wa thiraki suli kuyenda kokhakokha. Mukakumbukira bwino ulendo wanu wapitawu, mupeza kuti nthawi yambiri idathera poima: pa boda, pa sikelo, ku doko podikira kupakira, ku depoti podikira kutsitsa, ndipo ndinena motsimikiza kuti maola amenewo, amene mumadandaula nawo kuti ndi otayika, ndiwo maola amene thanzi la dalaivala limasungidwa kapena kumwazika.

Tiyeni tiime pang'ono pa boda dzuwa lili paliwombo, tione chimene chimachitika. Dalaivala amene kuyambira mbandakucha sadalawe kanthu, kupatula tiyi wa masipuni anayi a shuga ndi mandazi awiri, watsika m'galimoto miyendo itachita dzanzi. Pafupi pomwepo pali chiwaya, mafuta ake ali bii chifukwa akhala akukazingira kuyambira dzana; mnyamata wa chiwaya akumuikira tchipisi m'kajumbo, naonjeza nthuli za nyama yonona, nawaza mchere wosakaniza ndi tsabola ndi dzanja losaumira; pambali pake botolo la chakumwa chozizira latsegulidwa kale, ndipo lachiwiri likudikira. Akatha kudya abwerera m'galimoto, nagona kuseri kwa mpando kufikira ajenti atagogoda pachitseko. Madzulo chakudya n'chomwecho, kungoonjezapo mowa wochotsera kusungulumwa. Sindikumunyoza mnyamata wa chiwaya, pakuti iyenso akusaka ya sopo, ndipo tchipisi za tsiku limodzi sizidaphe munthu. Koma pamene tsiku limodzilo labwerezedwa zaka khumi kapena makumi awiri, mimba imayamba kukhudza chiwongolero, mpweya umachepa pokwera makwerero atatu a galimoto, ndipo munthu amene ana ake akadali ku pulayimale amapezeka atafa ziwalo mbali imodzi.

Makolo athu, amene ankayenda wapansi kunka ku Harare ndi ku migodi ya ku Johannesburg kukafuna ntchito, sankatuluka m'mudzi opanda kamba, chifukwa ankadziwa kuti munthu wanjala sasankha, amadya chimene wapeza. Nkhanga zidapangana kusanapse. Chomwechonso chakudya cha pa Beitbridge chiyenera kuganiziridwa mukadali kunyumba. A zaumoyo m'dziko muno amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya, ndiwo zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ndipo chokondweretsa n'chakuti pafupifupi gulu lililonse lili ndi chakudya chathu chouma chimene sichiopa kutentha kwa m'galimoto. Ufa wa mgaiwa ndi mpunga. Nyemba, khobwe kapena nandolo. Usipa, matemba kapena utaka. Mfutso wa nkhwani kapena wa khwanya umene mayi a kunyumba adayanika dzinja litatha. Nsinjiro ndi mtedza wokazinga: zonsezi zimalowa m'kabokosi ka m'mbali mwa thiraki, mmene ambiri a inu mumasungamo kale poto ndi kasitovu. Nyemba, zimene ambiri amazileka ponena kuti zimachedwa kupsa, zithireni madzi m'chigubu m'mawa ponyamuka. Pofika madzulo zidzakhala zitafewa, ndipo sizidzakuthetsani gasi.

Zatsopano nazo Mulungu adaziyala m'mbali mwa misewu yathu, kungoti timazidutsa pa liwiro. Pa Lizulu ndi pa mphambano ya ku Tsangano pali kabichi, tomato, karoti ndi anyezi. Pa Jenda chimodzimodzi. Ku Mwanza m'nyengo yachisanu manachesi amachita kuunjikana. Chigawo cha Tete chili ndi masau ndi malambe. Ku Karonga ndi ku Tukuyu nthochi sizisowa. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 patsiku, ndipo dalaivala amene waika nthochi ndi manachesi pafupi ndi dzanja lake, pamalo pamene ankaikapo mabisiketi, wayamba kale kukwaniritsa muyesowo. Gulani zokwanira kudya musanafike pa chipata china, popeza mayiko ena salola kulowetsa zipatso ndi masamba osapatsidwa chilolezo. Kwa inu onyamula mafuta a galimoto ndi gasi ndionjeza chenjezo limene mukulidziwa kale, koma liyenera kunenedwa: moto wophikira usayandikire thanki ngakhale itakhala yopanda kanthu, pakuti mpweya wotsalira mkatimo ndiwo umayaka msanga kuposa mafuta enieniwo.

Pa nkhani ya nsima sindidzakuuzani kuti muisiye, chifukwa ndikudziwa kuti Mmalawi amene sadadye nsima amati wagona ndi njala. Chimene ndipempha n'chakuti muyese mitanda yanu molingana ndi ntchito yanu. Mlimi amene wagwira khasu kuyambira tambala woyamba akhoza kumaliza mitanda inayi thupi lake n'kuigwiritsa ntchito yonse. Koma inu amene mukadya mukwera pampando, yotsalayo imasanduka mafuta a pamimba, ndiponso imabweretsa tulo tolemera ta masana, tomwe tagwetsera magalimoto ambiri m'maenje. Mitanda iwiri ya mgaiwa, ndiwo zamasamba zochuluka, ndi nsomba kapena nyemba pambali, ndicho chakudya cha munthu amene akadali ndi ulendo. Mgaiwa ndimautchula dala, chifukwa gaga ndi mtima wa chimanga zikadali momwemo, ndipo umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera.

Mchere ndi shuga ndiwo akuba awiri amene amalowa poyera ife tikuwaona. Mchere wokwanira munthu wamkulu tsiku lathunthu sufika magalamu 5, ndiko kuti sipuni yaing'ono imodzi, kuwerengera pamodzi wa m'ndiwo, wa mu buledi, wa mu soseji ndi nyama za m'zitini, ndi wa m'timibulu tokometsera ndiwo. Wopitirira pamenepo ndiye amakweza BP. Botolo limodzi la chakumwa chozizira la mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana masipuni aang'ono pafupifupi 8, pamene WHO imati shuga woonjezera wa tsiku lonse asapitirire masipuni 12 kwa munthu wamkulu. Ndiye wakumwa mabotolo atatu, kuphatikizapo tiyi wam'mawa uja, aweruze yekha pamene waima. Ludzu ndi la madzi. Ndikudziwa kuti ambiri mumadzimana madzi dala poopa kuimaima m'njira, ndipo ena mumasunga mkodzo kuchokera ku Moatize mpaka ku Changara. Koma m'chigwa cha Zambezi, mmene kutentha kwa mwezi wa Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40, thupi lopanda madzi limabala mutu, kutopa ndi kusaona bwino msewu, ndipo pakapita zaka impso ndizo zimalipira. Mkodzo ukakhala wachikasu chakuda, dziwani kuti mwachedwa kumwa. Madziwo akhale otetezedwa, a m'botolo lotsekedwa, owiritsa kapena othira mankhwala. Ndipo sopo asachoke m'galimoto, pakuti mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 udatikumbutsa zimene manja osasamba angachite.

(Nyimbo yaifupi.)

Tibwere tsopano ku nkhani yolimbitsa thupi, imene ndikudziwa kuti ena akaimva amaseka, poganiza za anyamata othamanga ndi akabudula m'misewu ya mu Lilongwe. Muyeso umene a zaumoyo amapereka ndi mphindi 150 pa sabata za ntchito yofulumizitsa mtima, monga kuyenda ndawala, ndiko kuti mphindi 30 patsiku kwa masiku asanu. Ndipo mphindizo n'zololedwa kuzidula, khumi m'mawa, khumi masana, khumi madzulo. Mudzati, "Sindingasiye galimoto, akuba angabe katundu kapena kupopa dizilo, ndiponso mzere ukasuntha ena andipitirira." Zoonadi, ndipo sindikukutumani kutali. Thiraki yokoka ngolo yaitali, mukaizungulira kamodzi, mwayenda mamita pafupifupi 50. Mukaizungulira ka 20 mwayenda kilomita yathunthu, maso anu asanachoke pa katundu. Munthu amene m'mawa uliwonse amagogoda matayala onse limodzilimodzi, nayang'ana oyilo ndi madzi a injini ya bwana wake mosaphonya, sayenera kulephera kupatsa mtima wake womwe mphindi khumi, pakuti injini ikafa bwana adzagula ina, koma mtima wa bambo wa ana anu sugulitsidwa ku sitolo. Gwirani bampala munjute ndi kudzuka kakhumi. Tsamirani manja pa ngolo mudzikankhe. Tambasulani msana, khosi ndi akatumba a kumbuyo kwa ntchafu, amene amakhwinyata munthu akakhalitsa. Anzanu pamzere adzaseka tsiku loyamba, n'kutheka ndi lachiwiri lomwe. Koma mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo mudzaona kuti amene ankaseka aja ayamba kuzungulira nanu.

Msana ndiwo dandaulo la dalaivala aliyense wachikulire. Kachikwama ka ndalama kachotseni m'thumba lakumbuyo musanakhale, chifukwa kamapendeketsa chiuno ulendo wonse. Mpando muukonze kuti mapazi afike bwino pa zopondera popanda kudzikoka. Potsika musadumphe, tsikani chafutambuyo mutagwira zogwirira. Pakatha maola awiri alionse, pamene malo alola ndipo ndi otetezeka, imani mutsike ngakhale mphindi zisanu. Ndipo ngati tsiku lina mwendo umodzi watupa ku katumba, ukupweteka ndi kutentha pamene unzake uli bwinobwino, musauthire mankhwala opaka n'kupitiriza ulendo: kutheka magazi aundana mumtsempha, ndipo zimenezo n'zofunika chipatala tsiku lomwelo.

Za tulo ndinena mwachidule, koma molemera. Munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7. Ofufuza a ku Australia adapeza kuti amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuona ndi kuchitapo kanthu mofanana ndi amene walawa mowa. Galimoto yoyenda pa liwiro la makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi. Chotero kusinza kwa masekondi anayi okha ndi mamita pafupifupi 90 oyenda popanda woyendetsa. Khofi ndi zakumwa zimene amati zopatsa mphamvu zimangobisa tulo, sizitichotsa. Ndipo popeza theka la mphamvu ya zakumwazi limakhalabe m'magazi patapita maola 5, chakumwa cha madzulo chimawononga tulo ta usiku, mawa lake n'kufunanso china. Amene anzake amamuuza kuti amaliza mkonono kwambiri, nabanika mpweya ali m'tulo, nadzuka atatopa ngakhale wagona usiku wonse, akauze dokotala, pakuti amenewo ndi matenda odziwika, ofala mwa anthu onenepa, ndipo amachizika. Kumadera otentha monga Beira, Tete ndi Karonga, neti ya udzudzu ipachikidwe ngakhale m'galimoto momwemo.

Chipatala cha madalaivala si chinthu chachilendo kwa ife, pakuti ndi pa boda ya Mwanza pamene mu 2005 padatsegulidwa kachipatala koyamba ka m'mbali mwa msewu, ka m'kontena, kamene kadakhala chiyambi cha ntchito ya bungwe la North Star Alliance m'misewu ikuluikulu ya mu Africa. Kuyeza BP sikutenga mphindi zisanu, ndipo ikapezeka mobwerezabwereza pa 140 ndi 90 kapena kupitirira, yafunika chithandizo ngakhale mukumva bwino m'thupi. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, chilonda chosapola msanga ndi maso ochita chifunga ndi zizindikiro za matenda a shuga, amene akalekereredwa amatha kulanda munthu maso, ndi laisensi yomwe. Chingwe choyezera telala nachonso chimanena zoona: mimba ya mwamuna ikapyola masentimita 94 chenjezo layamba, ikapyola 102 ngozi yakula. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Amene muli kale pa mankhwala, kaya a BP, a shuga kapena ma ARV, nyamulani opitirira masiku amene mwawerengera, popeza inu nomwe mukudziwa kuti ulendo wa sabata imodzi umatha kusanduka wa masabata atatu mapepala akavuta.

Sindingatsirize osalankhula kwa eni magalimoto, chifukwa zina mwa zimene ndanenazi dalaivala sangazithe yekha. Bwana amene amalipira potengera kuchuluka kwa maulendo okha, naimba foni pakati pa usiku kufunsa chifukwa chimene galimoto yaimira, napereka ndalama ya panjira yosakwana ngakhale chakudya cha masiku atatu, ameneyo ndiye akukankhira wantchito wake ku chiwaya ndi ku zakumwa zobisa tulo, ndipo tsiku la ngozi adzataya galimoto, katundu ndi munthu pa nthawi imodzi. Patsani antchito anu nthawi yogona, ndalama ya panjira yokwanira, ndi tsiku lopita kukayezetsa osawadula malipiro. Inunso madalaivala, pamene mtima ukukuuzani kuti muthamangire ulendo wina musanapume kuti ndalama ichuluke, kumbukirani mawu a akulu akuti sunga khosi mkanda uoneke. Ndipo inu amayi a kunyumba, amene mumachapa ndi kusita zovala za ulendo, muikemonso mfutso, nsinjiro ndi nyemba m'katundumo. Bambo akabwera, musawalandire ndi nyama yonona tsiku lililonse poti adavutika kunjira, koma muwapatse ndiwo zamasamba zimene adazisowa kumeneko.

Pempho langa kwa inu abambo anga ndi amayi anga a pamsewu ndi ili: musananyamuke ulendo wotsatira, pitani ku chipatala chimene muli nacho pafupi mukayezetse BP ndi shuga, manambala ake alembedwe m'kabuku kanu ka kuchipatala, ndipo kabukuko kazikhala m'chikwama chimodzi ndi pasipoti ndi laisensi. Muyende bwino, mukafike ndi mtendere kwa ana anu.

(Nyimbo yotsekera.)